Mafuta osaoneka: mbiri ya bowling ya pakanema

Ambiri a ife kuno kunyanja tinayamba kuona bowling pagalasi la foni tisanaone bwalo lake lenileni. Chala chimatsetsereka pagalasi, kampira kamathamanga m'kanjira kowongoka, timitengo khumi tooneka ngati mabotolo timagwa, ndipo foni imaomba m'manja. Achibale athu amene ali ku Johannesburg kapena ku Durban mwina anaonapo mabwalo enieni m'nyumba zikuluzikulu zamalonda, koma kwa enafe chithunzi chinafika chinthucho chisanafike. M'pake tsono kufunsa kuti chithunzicho chimanena zoona mpaka pati. Funso limeneli lazunguza mitu ya opanga masewera a pakanema kwa zaka zoposa 45, ndipo mayankho awo, abwino ndi achinyengo omwe, ndiwo mbiri imene tikufuna kuilondola pano.

Tiyambe ndi masewera enieniwo. Maziko a malamulo amene akutsatidwa lero anaikidwa mumzinda wa New York m'chaka cha 1895, pamene bungwe la American Bowling Congress linakhazikitsidwa. Njira imene mpira umagubuduzikamo ndi yotalika mamita 18 ndi pang'ono kuchokera pamzere woponyera, ndipo m'lifupi mwake ndi mita imodzi ndi masentimita ochepa, yogawidwa m'timatabwa 39. Mbali zonse ziwiri kuli ngalande. Kumapeto kwake kumaima timitengo tija, totchedwa mapini, pini iliyonse yotalika masentimita 38 ndi yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Mpira suloledwa kupitirira makilogalamu 7.26. Wosewera amapatsidwa magawo 10, ndipo m'gawo lililonse amaponya kawiri, pokhapokha ngati wagwetsa mapini onse ndi mpira woyamba, chimene eni ake amachitcha strike. Wogwetsa chotero ka 12 motsatizana amapeza mapointi 300, ndipo pamwamba pa 300 palibenso china.

Woonera patali amayesa kuti nkhani yonse ndi kulunjika basi. Koma mpira womenya pini yakutsogolo pamphumi penipeni kawirikawiri umaboola pakati n'kusiya mapini ataima uku ndi uku ngati mano a nkhalamba. Katswiri wa dzanja lamanja amafuna kuti mpira ulowe chammbali, pampata wa pakati pa pini yoyamba ndi yachitatu, utapendama ndi madigiri pafupifupi 6. Ukalowa chotero umakhudza mapini anayi okha. Otsalawo amagwetsana okhaokha. Tsono njira ndi yaitali ndi yopapatiza, moti mpira woyenda mowongoka sungapeze kupendama kumeneko. Uyenera kukhota. Ndipo kuti ukhote pamalo oyenera, woponya amaupota ndi zala pousiya, n'kudalira chinthu chimene maso ake sakuchiona, ndicho mafuta.

Mafutawa poyamba ankapakidwa pofuna kuteteza matabwa kuti asaperepeseke ndi mipira yolemera. Ndi ochepa zedi, pafupifupi masupuni aakulu awiri panjira yonse, ndipo makina amawapaka pa magawo awiri mwa atatu oyambirira a njira, kusiya gawo lomaliza lili louma. Mpira wopotedwa umatsetsereka pamafuta ngati bwato pamadzi a bata. Ukafika pouma umaluma pansi n'kukhotera kumapini. Chovuta n'chakuti mafutawo sakhala malo amodzi. Mpira uliwonse umamwako pang'ono ndi kukankhira ena kutsogolo, kotero kuti njira imene munthu anayamba nayo si imene amamaliza nayo. Msodzi wa ku Makawa kapena wa ku Senga Bay angamve msanga zimenezi, pakuti nyanja ya m'bandakucha si nyanja ya madzulo, ndipo luso lake lagona pa kuwerenga zimene madzi sakuzinena poyera.

Umboni wa mphamvu ya mafutawa unaoneka m'chaka cha 2010 ku Arlington, m'chigawo cha Texas. Bungwe la USBC, limene mu 2005 linalowa m'malo mwa bungwe la 1895 lija, lili ndi loboti yotchedwa EARL, yopangidwa kuti iziponya mpira mofanana ndendende nthawi zonse poyesa mipira ndi njira. Anaipikisanitsa ndi katswiri Chris Barnes. Munthu anapeza 259, makina anapeza 209. Kuponya kofanana sikubala zotsatira zofanana pamene pansi pakusintha.

Izi ndizo zimene opanga masewera a pakanema anayenera kuzilowetsa m'kabokosi, ndipo oyambirira sanayese n'komwe. Makina a RCA Studio II a mu 1977 anali ndi bowling yomangiridwa m'kati, ya zithunzi zakuda ndi zoyera. Mu 1979 kampani ya Atari inatulutsa Bowling ya makina ake a 2600, yolembedwa ndi Larry Kaplan. Makinawo anali ndi malo okumbukirira a mabayiti 128 okha, osakwana ngakhale uthenga umodzi wa SMS wodzaza. Mapini anali timadontho ta makona anayi, ndipo wosewera ankasankha mwa mitundu itatu: mpira wowongoka, mpira wokhota kamodzi akakankha ndodo yowongolera, kapena mpira umene ankauwongolera njira yonse ngati galimoto. Mtundu wachitatuwo ndi bodza loonekeratu, pakuti chowawa cha bowling n'chakuti mpira ukachoka m'dzanja ulamuliro wako watha, chotsala n'kuima ndi kuyang'ana. Komabe tisamuweruze Kaplan mopupuluma. Iye anakumana ndi chinthu chimene onse omutsatira anachipezanso, chakuti munthu wogwira kandodo ka pulasitiki alibe mpira wolemera m'dzanja, choncho uyenera kumupatsa vuto lina m'malo mwa vuto limene wamuchotsera.

Mu 1981 kampani ya Mattel inatulutsa PBA Bowling pa makina a Intellivision, itatenga chilolezo kwa bungwe la akatswiri la PBA, limene linakhazikitsidwa mu 1958. Apa wosewera ankasankha kulemera kwa mpira ndi kuterera kwa njira. Mafuta analowa m'kabokosi, ngakhale analowa monga nambala yosankhidwa masewera asanayambe.

Vuto lolowa m'malo lija linapeza maonekedwe ake okhalitsa mu 10th Frame, masewera a kampani ya Access Software amene anatuluka mu 1986 pa kompyuta ya Commodore 64. Abale awiri, Bruce ndi Roger Carver, anali atangopanga masewera a gofu otchedwa Leader Board, ndipo anabweretsa ku bowling nzeru yomweyo ya muyeso: kamzere kamene kamayenda pagalasi, ndipo wosewera ayenera kudina batani kakafika pamalo oyenera, koyamba posankha liwiro, kachiwiri posankha kukhota. Kwa zaka pafupifupi 20 masewera ambiri a bowling anayenda m'mapazi amenewa. Luso linasamuka kuchoka paphewa, m'chiuno ndi m'miyendo, n'kukakhala pa diso ndi chala chachikulu. Munthu wosadziwa n'komwe kuima pamzere woponyera ankatha kukhala mfumu ya bowling m'nyumba mwake, malinga adziwe nthawi yodina.

Apa ndiye pagona mfundo imene yavutitsa opanga masewerawa kufikira lero. Kompyuta ndi yokhulupirika mopitirira muyeso: ukaipatsa manambala omwewo imakubwezera yankho lomwelo. Wosewera akangopeza pamalo poima ndi nthawi yodina zimene zimagwetsa mapini onse, amabwereza zomwezo mpaka masewera atasanduka ntchito yosinja. Wopanga ali ndi njira ziwiri zopewera zimenezi, ndipo zonse zili ndi mtengo wake. Angathe kufulumizitsa kamzere kaja mpaka chala chitayamba kuphonya. Masewera amavutadi, koma vutolo lilibe chibale ndi bowling. Kapena angathe kubisa maere m'kati mwa pulogalamu, kuti nthawi zina pini imodzi izikana kugwa ngakhale munthu wachita zonse bwino. Pabwalo lenileni pini imakanadi kugwa, koma pamakhala chifukwa, kaya mpira walowa mochedwa ndi kachidutswa ka sentimita kapena wataya mphamvu pouma, ndipo katswiri amachiona chifukwacho n'kusintha kaimidwe. Maere a m'kompyuta saphunzitsa kanthu. Wosewera amalangidwa popanda mlandu, ndipo palibe chimene angakonze.

Ena anayesa kubwezera dzanja ntchito yake. Mu 1988 kunatuluka Capcom Bowling, makina oima pawokha oponyamo ndalama yachitsulo, opangidwa ndi kampani ya Incredible Technologies. M'malo mwa ndodo anali ndi mpira woikidwa m'thabwa lakutsogolo, wotulukira theka, umene wosewera ankaugubuduza ndi chikhatho; liwiro ndi kulunjika zinkachokera m'dzanja lenileni. Kampani yomweyo inadzatulutsa Silver Strike Bowling mu 2004. Tisabise, makina ambiri oterewa anakaikidwa m'nyumba zomwera mowa za ku America, malo amene Msilamu sakhalamo, ndipo wopanga makina oponyamo ndalama amakhala ndi cholinga chake pokonza kuvuta kwa masewera: asakhale ophweka moti munthu n'kutopa nawo, asakhalenso ovuta moti n'kuchokapo osaponyamo ndalama ina. Ubale wa bowling ndi thumba la wosewera si wachilendo. Kale mu 1841 chigawo cha Connecticut chinaletsa bowling ya mapini 9 chifukwa cha juga imene inkachitika pamabwalo ake.

Makina a PlayStation atafika, kompyuta inapeza mphamvu zowerengera kugundana kwa mapini mmodzimmodzi m'malo motsata timalamulo tochepa. Ten Pin Alley ya mu 1996 ndi Brunswick Circuit Pro Bowling ya mu 1998 zinaonetsa mapini akuuluka, akugudubuzika ndi kukankhana. Kuwerengera kotereku n'kovuta kuposa mmene kumaonekera, chifukwa mapini 10 pamodzi amalemera kuwirikiza kawiri mpira wolemera kwambiri, ndipo kugundana konse kumatha m'kuphethira kwa diso. Muyeso wabwino woyesera kuona mtima kwa masewera otere ndi pamene patsala mapini awiri akumakona akumbuyo, ya nambala 7 ndi ya nambala 10, yina kumanzere kwenikweni yina kumanja kwenikweni. Mpira umodzi sungakhudze onse awiri. Chiyembekezo chokha n'chakuti pini imodzi imenyedwe mwamphamvu, injanje kumbuyo n'kudutsa njira yonse kukagwetsa inzake. Pa mipikisano ya PBA yoonetsedwa pa wailesi yakanema zimenezi zachitika kanayi kokha: Mark Roth mu 1980, John Mazza ndi Jess Stayrook mu 1991, ndi Anthony Neuer mu 2021. Masewera amene amakulola kugwetsa mapini awiriwa madzulo aliwonse akukunamiza. Amene sakulola n'komwe nawonso akunama, pakuti Roth anagwetsa.

Kenako kunabwera masewera amene anasokoneza mkangano wonsewu. Mu November 2006 kampani ya ku Japan ya Nintendo inatulutsa makina a Wii pamodzi ndi Wii Sports, momwe munali tenesi, baseball, gofu, nkhonya ndi bowling. Chowongolera chake chinali ngati rimoti ya kanema, chokhala ndi kachipangizo komva kugwedezeka. Wosewera ankaimirira, kugwira batani, kukweza dzanja kumbuyo, kulibweza kutsogolo n'kusiya batani monga mmene angasiyire mpira. Akapotoza mkono pang'ono mpira unkakhota. Kamzere kaja kanazimiririka. Kwa nthawi yoyamba munthu amene sanagwirepo masewera a pakanema sanafunikire kuphunzitsidwa, chifukwa thupi lake linkadziwa kale kuponya. Anthu anatengeka mpaka ena ankaponya rimoti yeniyeniyo n'kuswa magalasi a makanema awo, ndipo mu December chaka chomwecho Nintendo inalengeza kuti isintha timalamba tomangira pamkono tokwana 3.2 miliyoni. Wii Sports inafalikira makope oposa 82 miliyoni, ambiri mwa iwo ogulitsidwa pamodzi ndi makinawo. M'nyumba zosungira okalamba ku America munayambika magulu a mipikisano ya bowling ya Wii, ena mwa osewera ake ali panjinga za olumala.

Koma kodi inali yoona? Kayendedwe ka dzanja kanali koona. Zina zonse zinali zofewetsedwa. Rimotiyo sinkafika magalamu 200, pamene mpira wa katswiri umaposa makilogalamu 6. Dzanja silinkatopa, phazi silinkaterereka pamzere, ndipo njira inalibe mafuta osuntha. Kachipangizo koyambako kankamva kugwedezeka koma sikankadziwa bwino mmene mkono wapotokera, n'chifukwa chake mu 2009 kampaniyo inawonjezera kena kotchedwa MotionPlus. Zotsatira zake zikuoneka m'buku la Guinness la mu 2011, limene linalemba za mkulu wina wa zaka 85 wa ku Wisconsin amene anali atapeza 300 pa Wii maulendo 2,850. Tiyerekeze ndi Walter Ray Williams Jr., amene anapambana mipikisano 47 ya PBA, kuposa munthu wina aliyense: pa moyo wake wonse wa ukatswiri, masewera ake a 300 m'mipikisano ya bungwelo angopitirira 100 pang'ono. Gogoyo sanabe. Anapeza kaponyedwe kamodzi koyenera, ndipo njira imene sisintha inamulola kukabwereza. Chimene loboti EARL inachilephera pa matabwa, iye anachichita pabalaza.

Ife tikuona kuti Nintendo sinalakwe. Sinalonjeze kuphunzitsa munthu bowling. Osewera ake anali zidole za mitu ikuluikulu, ndipo aliyense ankaona kuti ndi macheza. Chimene inachotsa ndicho chimene chikanatsekera kunja agogo, mwana wamng'ono ndi wodwala nyamakazi. Masewera amene amaika mdzukulu ndi agogo ake pamzere umodzi, n'kulola agogowo kupambana mwachilungamo, ali ndi phindu limene ife olemekeza akuluakulu sitingalipeputse. Chaka chotsatira, mu 2007, kunatuluka Brunswick Pro Bowling pa makina omwewo, yodzitama ndi kufanana kwambiri ndi bowling yeniyeni, koma sinalandiridwe ngati inzakeyo. Anthu ambiri amati akufuna zoona, koma akazilawa amabwerera ku zokoma.

Okonda zoona asafulumire kunyoza, chifukwa bowling ya pamatabwa nayo imadziwa kusyasyalika. Mwini bwalo ndi wamalonda, ndipo kasitomala wogwetsa mapini ambiri ndi amene amabweranso. Choncho m'mabwalo wamba makina amapaka mafuta ambiri pakati pa njira ndi ochepa m'mbali, kawirikawiri kuwirikiza ka 8 kapena kuposa. Mpira wopatukira kunja umapeza pouma msanga n'kukhotera m'kati. Wopatukira m'kati umapeza mafuta n'kutsetsereka osakhota kwambiri. Yonse imakathera pampata womwe uja, ngati madzi a m'fanulo. M'mipikisano yokhwima kusiyana kwa mafuta a pakati ndi a m'mbali sikupitirira kanayi, ndipo munthu wozolowera kupeza 200 kwawo amadabwa akaona mapointi ake atagwa. Mkangano wa mafutawu ndi wakale. Pa 1 July 1982, ku La Habra m'chigawo cha California, Glenn Allison anapeza 300 katatu motsatizana pa mpikisano, mapointi 900, koma American Bowling Congress inakana kuvomereza ponena kuti kapakidwe ka mafuta panjirazo sikanatsate malamulo. Munthu woyamba kuvomerezedwa 900 anali Jeremy Sonnenfeld, mu 1997, patapita zaka zochepa chibwerereni mipira ya khungu latsopano lomwa mafuta ndi kuluma pansi mwamphamvu. Tsono wopanga masewera akanena kuti bowling yake ndi yofanana ndi yeniyeni, tiyenera kumufunsa kuti yeniyeni iti, ya kasitomala wa Loweruka madzulo kapena ya katswiri.

Masewera amakono ofuna kutsata akatswiri, monga PBA Pro Bowling ya kampani ya FarSight Studios imene inayamba kutuluka mu 2019, ali ndi mapakidwe a mafuta osiyanasiyana, mipira ya makampani enieni ndi mayina a akatswiri amoyo. Bungwe la PBA linapatsa ena mwa mapakidwe ake mayina a nyama, monga Cheetah, Scorpion ndi Shark, ndipo lililonse limafuna kaponyedwe kakekake. Komabe pali chinthu choseketsa. Kuti wosewera wa pakanema asangalale ndi mafuta, ayenera kuwaona, choncho masewera otere amawajambula ndi utoto panjira. Ngakhale pa wailesi yakanema PBA inayamba kuthira utoto wa buluu m'mafuta kuti oonera atsatire. Chimene chimavuta kwambiri pa bowling, kuwerenga chosaoneka poyang'ana mmene mpira wako wapitawo wayendera, ndicho chimene galasi limachiulula. Luso lowerenga limeneli, tinene modutsa, silili ku America kokha. Dziko la Malaysia latulutsa akatswiri otchuka monga mayi Shalin Zulkifli, ndiponso Rafiq Ismail, amene mu 2018 ku Hong Kong anapambana mpikisano wa dziko lonse wa amuna osewera payekhapayekha.

Tifike tsopano pafoni, pamene ana athu amakumana ndi mbiri yonseyi osadziwa. Kaseti ya Atari munthu ankagula kamodzi. Wopanga analibenso chifukwa chomuvutitsira kapena kumunyengerera. Masewera ambiri a m'mafoni amatsitsidwa ulere, ndipo mwini wake amadya kudzera m'malonda otsatsidwa ndi m'zinthu zogulitsidwa m'kati mwa masewera. Zikatero kuvuta kumasanduka katundu. Masiku oyamba mapini amagwa ngati mango akupsa. Kenako opikisana nawo amayamba kulimba, mpira wako umaoneka wofooka, ndipo pagalasi pamabwera mpira wina wonyezimira, wamphamvu, mwina wophulika ngati bomba, wogulidwa ndi timakobiri ta m'masewera timene timatha msanga pokhapokha utawonjezera ndalama zenizeni. Ena amafuna kuti uike timakobiri tako pansi usanapikisane ndi mnzako, wopambana atenge zonse. Ena amapereka mabokosi otseka amene sudziwa za m'kati mwake mpaka utalipira, kapena gudumu lozungulira la mphoto. Mu 2018 bungwe loona za juga la dziko la Belgium linagamula kuti mabokosi otere, akamagulidwa ndi ndalama, ndi juga pamaso pa malamulo a dzikolo. Kugamula za chipembedzo ndi kwa mashehe athu. Ife tikungoonetsa mmene makinawo amagwirira ntchito, ndipo Msilamu amene anaphunzira kumadrasa kuti juga inaletsedwa pamodzi ndi mowa adzaizindikira nkhope yake ngakhale itavala zovala za ana.

Pali chinanso chimene chimatikhudza ife anthu a m'misika ya nsomba ndi chimanga. Tonse timamudziwa wogulitsa amene amapinda pansi pa ndowa kuti ioneke yodzaza. Surah ya 83 ya Qur'an yolemekezeka, Al-Mutaffifin, inatchedwa ndi dzina la anthu opungula miyeso. Mapointi a m'masewera nawo ndi muyeso, pakuti amauza munthu kuti luso lake lafika pati. Masewera ophweka amene sabisa kuphweka kwawo, monga Wii Sports, ndi ndowa yaing'ono yodziwika kuti ndi yaing'ono. Masewera ovuta amene amavuta mofanana kwa aliyense, n'kukuonetsa pamene walakwitsa, ndi ndowa yaikulu yoona. Koma masewera amene amafewa kapena kulimba malinga ndi zimene walipira ali ndi dzanja pansi pa ndowa, ndipo mwana wosewera sangalione dzanjalo. Kholo lingathe kuliona popanda kudziwa za makompyuta. Lingokhala pambali pa mwanayo kwa kanthawi n'kuona chimene chimabwera pagalasi akagonja: ngati ndi mwayi woyesanso, kapena mtengo wa mpira watsopano.

Pamene opanga masewera akulimbana ndi zonsezi, chimene akuchitsanziracho chikusuntha. Kale mapini ankaimikidwa ndi anyamata okhala kumapeto kwa njira, mpaka makina a kampani ya AMF anawachotsa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Makina amenewo ndi okwera mtengo, a zitsulo zambirimbiri, ofuna makaniko wokhazikika. Lero mabwalo ambiri akuika makina atsopano amene pini iliyonse imamangidwa chingwe kumutu. Ikagwa, chingwe chimaikoka n'kuiimikanso. Ndi otsika mtengo ndipo saonongeka kawirikawiri, koma pini yomangidwa siuluka ngati yomasuka, ndipo nthawi zina chingwe chimakola pini ina n'kuigwetsa mpira usanaikhudze. Kuyambira pa 1 August 2023 bungwe la USBC linayamba kuvomereza mipikisano ya mapini a zingwe. Olemba mapulogalamu amene anatha zaka zambiri akuphunzitsa kompyuta kagwedwe ka pini yomasuka tsopano ayenera kusankha ngati ajambule zingwezo.